Kujambula Kakombo ndi Singano

Awa ndi mawu amene adayankhula mayi wina, wophunzira wakale wa pa sukulu yathu amenenso adaphunzitsapo zosoka kwa zaka zambiri, pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga momwe adawayankhulira, chifukwa anzathu amene sadathe kufika adapempha kuti awawerenge.

 

Komiti idandipempha kuti ndiyankhule za ntchito imene ndakalamba nayo, ndiyo kupeta nsalu. Ndaona abambo ena kumbuyoko ayamba kale kuyang'ana pa wotchi. Musathawe achimwene, chifukwa kumapeto kwa nkhaniyi kuli pempho, ndipo pempholo likhudza matumba anu.

Kuno kwathu munthu akati kupeta, maganizo amathamangira ku lichero ndi mpunga wa ku Likangala kapena wa ku Domasi. Koma mawu omwewa amanenanso za kusoka maluwa, mbalame ndi zokongoletsa zina pa nsalu. Ntchito ziwirizi n'zapachibale ndithu, pakuti zonse zimafuna mkombero, zonse zimafuna dzanja lofatsa, ndipo zikachitidwa mwaphuma zimamuulula mwini wake: kwina mankhusu mu mpunga, kwina makwinya pa nsalu.

Achemwali a msinkhu wanga mukukumbuka masana aja a Needlecraft. Anyamata ankapita kukasema mipini ndi kuluka madengu, ife n'kukhala pansi pa mtengo ndi tinsalu tathu. Tinkaphunzira kupinda m'mphepete mwa nsalu, kuika zigamba, kusokerera mabatani, kenaka maluwa. Maphunziro amenewa adachokera kutali. Amishoni a ku Scotland adatsegula Domasi mu 1884, ndipo m'mamishoni otere atsikana ankaphunzira singano pamodzi ndi kuwerenga. Pambuyo pake sukulu ya Jeanes, pa Domasi pomwepo, inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, kuti amayiwo akabwerera kumudzi akagawireko anzawo nzeru zosamalira pakhomo. Dziko litalandira ufulu, alangizi a homukulafiti ophunzitsidwa ku Magomero ankasonkhanitsa amayi m'midzi kuwaphunzitsa kuphika, kuluka ndi kusoka. N'chifukwa chake kale nyumba ya mayi wodzilemekeza inkadziwika ndi tinsalu ta pamipando, nsalu ya patebulo ndi mapilo olembedwa kuti Gonani Bwino.

Koma taganizani za maluwa amene tinkasoka pa tinsalu timeneto. Ambiri adali marozi ndi timadengu ta maluwa a ku Ulaya, otengedwa pa timapepala timene tinkadinda pa nsalu ndi simbi yamoto. Tinkazunguliza mzere ndi ulusi wofiira, n'kudzaza mkati ndi mtundu umodzi womwewo, duwa n'kukhala lathyathyathya ngati chidindo cha ku ofesi. Sindikunyoza aphunzitsi athu ayi, pakuti adatipatsa chimene adali nacho, ndipo manja athu adafewera pomwepo. Ndikungonena kuti duwa limene tinkasoka ambiri a ife tidali tisadalionepo, pamene duwa limene tinkalidutsa m'mawa uliwonse pobwera kusukulu kuno palibe adalisokapo. Duwa lake ndi kakombo.

Luso limene ndabwera nalo lero Azungu amalitcha needle painting, ine ndimangoti kujambula ndi singano. Munthu wojambula zithunzi amasakaniza utoto kuti mtundu wowala ulowe mwa woderako popanda malire ooneka. Ifenso timachita zomwezo, koma utoto wathu ndi ulusi. Sitichi yake yaikulu ndi imodzi yokha, imene timaitcha yaitali ndi yaifupi, ndipo mwana wa Sitandade 6 angathe kuigwira tsiku limodzi. Chimene chimatenga zaka ndi kuphunzitsa maso kuona mitundu imene ilidi pa duwa.

Lusoli ndi lakale. Ku China, mu mzinda wa Suzhou, amisiri akhala akupeta motere ndi ulusi wa silika kwa zaka mazanamazana, ndipo amang'amba ulusi umodzi mpaka kutsala kaulusi kochepa kuposa tsitsi. Ku England kudali mayi wina dzina lake Mary Linwood, amene adabadwa mu 1755 ndi kumwalira mu 1845. Iyeyu adali mphunzitsi ngati ine, woyendetsa sukulu ya atsikana ku Leicester, ndipo ankatengera zithunzi za akatswiri a utoto pogwiritsa ntchito ulusi wa ubweya wa nkhosa, mwakuti anthu a mu London ankalipira ndalama kuti akazione. Sukulu ya Royal School of Needlework, imene idayamba mu 1872, imaphunzitsabe luso limeneli. Pafupi nafe, ku Cape Town, Mayi Trish Burr adalemba mabuku angapo ophunzitsa kupeta maluwa ndi mbalame mwa njira yomweyi. Ndatchula amenewa kuti mudziwe kuti awa si masewera a ana. Pali anthu amene adadya nalo luso limeneli, natchuka nalo.

Tsono tiyeni tiyambe ntchito, ndipo poyambira pake ndi kudambo, singano isanagwiridwe. Nyanja yathu ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amalowa kudzera mu Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, koma potuluka amangouluka ndi dzuwa, n'chifukwa chake ali ndi kamchere. Kakombo sakonda mchere, choncho mukam'funefune kumathiriro a mitsinje, m'madambo, m'maiwe ndi m'mphepete mwa njedza, kumene madzi sathamanga. Mupite m'mawa dzuwa litakwerako, chifukwa duwali limatseguka m'mawa ndi kutseka masana akapendeka. Musalithyole, pakuti likachoka m'madzi silichedwa kufota. Ndiponso ana asalowe m'madzimo, muja mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Khalani pamtunda ndi pepala ndi pensulo. Amene ali ndi foni yojambula ajambule, koma chithunzicho chikhale chokumbutsa chabe.

Mukafunsa mwana kuti kakombo ndi wamtundu wanji, adzayankha msanga kuti wabuluu. Koma muuzeni ayang'anitsitse kasamba kamodzi ka duwalo. Kunsonga ndiko kuli buluu weniweni, wonga thambo la m'mawa. Potsika buluuyo amanka natuwa, mpaka kutsinde kwa kasambako kumakhala pafupifupi koyera, kenaka n'kuyamba kachikasu pang'ono. Pakati pa duwa pali timitu tambirimbiri tachikasu, ndipo tina nsonga zake n'zabuluunso. Pamene kasamba kena kaphimba kanzake pamagwa kamthunzi. Masamba akunja otchinga duwalo kumbuyo kwake n'kobiriwira, kokhala ndi timadontho takuda. Mwana amene amati mtundu ndi umodzi adzawerenga yekha mitundu isanu ndi iwiri kapena kuposa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo theka la luso limeneli lagona pamenepo.

Zipangizo zake n'zochepa ndipo zimakwana m'kachitini ka mabisiketi. Choyamba ndi nsalu. Ikhale ya thonje, yolukana kwambiri, monga kaliko wabwino kapena popolini, yoyera kapena yotuwirako. Nsalu yotanuka kapena yoterera siyenera. Muichape isanasokedwe kuti ifupikiretu, muisite, ndipo ngati ili yopyapyala muike ina kumbuyo kwake kuti zikhale ziwiri, chifukwa masitichi athu amachuluka ndipo amalemera.

Chachiwiri ndi mkombero, umene ena amati ling'i. Iyi ndi mikombero iwiri, wina wolowa mwa unzake, yopana nsalu pakati. Ya m'sitolo imakhala ndi kasikuluwu komangira, koma mmisiri aliyense wodziwa kuluka lichero angathe kukupangirani ya nsungwi. Mkombero wamkati muukulunge ndi kansalu kuti ugwire bwino. Nsalu ikokedwe mpaka ilire ngati ng'oma mukaigogoda ndi chala. Nsalu yolendewera ndiyo mayi wa makwinya onse. Ndipo mukaweruka, muichotse mu mkombero kuti isatsale ndi chipsera.

Chachitatu ndi ulusi. Uwu ndi ulusi wopetera uja wogulitsidwa m'timitolo, monga wa Anchor kapena wa DMC. Kamtolo kamodzi kamakhala mamita 8, ndipo ulusiwo ndi tiulusi 6 topotedwa pamodzi. Kusukulu tinkasoka ndi titatu, ena tonse tisanu ndi kamodzi kuti amalize msanga. Pa ntchito iyi timasolola kamodzi kokha. Ndamva wina wadandaula kumbali iyi, koma ndi momwemo, kamodzi kokha, chifukwa ulusi wonenepa sulola kuti mitundu ilowane. Dulani kutalika kwa mkono, kuchokera ku chala kufika pa chigongono, ngati masentimita 45. Ukatalika kuposa apo umayamba kutha ndi kuchita ubweya usanafike kumapeto. Pa duwa lathu mufunika mitundu inayi kapena isanu ya buluu, kuyambira wotuwa pafupifupi woyera kufika woderako, mitundu itatu ya chikasu ndi itatu yobiriwira. Posankha, tulukani nayo panja pa sitolo, muiyale motsatana pa dzanja, ndipo muone ngati ikutsetsereka bwino. Pakakhala umodzi wodumpha anzake, umenewo udzaoneka ngati mzere pa duwa. Ulusi wotsika mtengo wina umasuluka, choncho nyowetsani kachidutswa, mukafinyire pa nsalu yoyera, muone ngati sikasiya utoto.

Chachinayi ndi singano yaing'ono ya diso lalitali, nambala 9 kapena 10, ndi kasizasi kakuthwa kunsonga. Chotsiriza ndi kuwala. Ntchito iyi ndi ya masana, pakhonde kapena pamthunzi. Koloboyi amaononga maso ndi kudetsa nsalu ndi mwaye, ndipo ngakhale nyali za sola zimanamiza mitundu ya buluu. Musanagwire nsalu sambani m'manja ndi sopo, makamaka ife amene timagwira matemba ndi mlamba wowamba.

Tsopano kujambula. Duwa loyamba lisakule kuposa chikhatho. Lijambuleni pa pepala ndi mizere yoonekera, kenaka mumate pepalalo pa galasi la zenera, nsalu pamwamba pake, ndipo dzuwa lidzakuonetsani potsatira ndi pensulo yosongoka. Mukatero, mkati mwa kasamba kalikonse lembani timizere titatu kapena tinayi tochokera kunsonga kuloza pakati pa duwa. Timizere timeneti ndito njira ya singano yanu. Kasamba kakapindika, timizere tipindike nako. Ophunzira ambiri amafuna kudumpha apa, koma sitichi yosochera imaoneka ngakhale munthu ataima patali, monga momwe umaonekera mzere wokhota m'munda wa mpunga.

Mwa timasamba tonse, yambani ndi timene tili pansi pa tinzake, kenaka mubwere ku tapamwamba. Mukatero m'mphepete mwa kasamba kapamwamba mudzaphimba mapeto a kapansi, ndipo duwa lidzaoneka lotumphuka. Poyamba ulusi musamange mfundo. Sokani timasitichi tiwiri ting'onoting'ono pamalo pamene padzaphimbidwe, ulusi wagwira basi. Pomaliza chitaninso chimodzimodzi.

Zungulizani kasambako ndi sitichi yong'amba. Mumasoka kasitichi kakafupi, kenaka singano imatulukira pakati pa kasitichi komweko, kung'amba ulusi wake, n'kupita patsogolo. Mzere umenewu uli ngati mgula wa m'munda: umasunga malire kuti m'mphepete mukhale mosalala.

Tafika pa mwini nkhani. Mzere woyamba umayambira kunsonga, ndi buluu woderako. Singano itulukire mkati mwa kasamba, ndipo ilowe kunja kwa mzere wa malire uja, kuuphimba. Sitichi yoyamba ikhale yaitali, pafupifupi sentimita imodzi, yachiwiri yofupikirako, yachitatu yaitali, motero mpaka m'mbali. Yambirani pakati pa nsonga kupita kumanja, kenaka mubwerere pakati kupita kumanzere, kuti njira isakusokonezeni. Masitichi agundane, nsalu isaonekere pakati pake, koma asakwerane. Kumunsi kwa mzerewu kudzaoneka ngati mano a chipeso chothyoka, ndipo ndi momwe kuyenera kukhalira.

Mzere wachiwiri ndi umene umasiyanitsa wodziwa ndi wophunzira. Sinthani ulusi, mutenge buluu wotsatira. Singano isatulukire pamene mzere woyamba wathera ayi. Ibwerere m'mbuyo, itulukire mkati mwenimweni mwa masitichi oyamba aja, pafupifupi theka la kutalika kwake, kung'amba ulusi wake, kenaka ikalowe kutsogolo pa nsalu yopanda kanthu. Musaope kuti mukuononga ntchito yoyamba. Kulowana kumeneku ndiko kumasakaniza mitundu. Ndipo musayambire masitichi onse pamalo ofanana: ina iyambire patali, ina pafupi, ina pakatikati, mosatsata lamulo. Asilikali pa perete amakongola akafola bwino, koma masitichi awa akafola amabala mizere ngati ya mbidzi. Muwaleke alowane monga momwe zimalowanirana nthenga pa chifuwa cha njiwa.

Mzere wachitatu ndi wachinayi ndi chimodzimodzi, uliwonse ndi mtundu wotuwirapo, kufikira kutsinde kumene mudzamalize ndi woyera ndi timasitichi tiwiri kapena titatu ta chikasu chofewa. Popeza kasamba kamanka kachepa potsika, masitichi nawo azichepa chiwerengero. Pamene njira yakhota, ikani kasitichi kakafupi kobisala pakati pa aatali kuti kakhotetse anzake. Pamene kasamba kalowa pansi pa kanzake, bwererani ku buluu woderako ndi kuika masitichi ochepa okha a mthunzi. Nthawi ndi nthawi ikani mkombero patali ngati mapazi atatu, muuyang'ane. Pafupi mumaona ulusi, patali mumaona duwa. Ndipo mukaona kuti pena pasokonekera, musathamangire kumasula. Kawirikawiri masitichi ochepa oonjezera pamwamba amakonza zonse.

Timasamba tonse tikatha, pakati pa duwa pamasokedwa ndi masitichi oongoka achikasu otuluka pakati ngati masipoko a njinga, woderako mkati, wowala kunja, ndipo nsonga zina muzigusule ndi kabuluu. Tsamba lalikulu loyandama lija ndi lozungulira, long'ambika mbali imodzi, ndipo masitichi ake amachokera pamene mng'aluwo wathera kupita m'mphepete. Madzi safuna zambiri, timizere tochepa topingasa takwanira.

Mukamaliza, chapani mofatsa ndi sopo wosaluma m'madzi ozizira oyera, ndipo a mvula ndiwo abwino koposa. Madzi a m'nyanja yathu, ndi matope ake ndi kamchere kake, adzatuwitsa ntchito ya mwezi wathunthu. Musapotokole pofinya. Yalani thaulo, nsalu muigoneke chafufumimba, duwa pansi, ndipo musite kumbuyo ikadali yonyowako. Ngati simbi ili ya makala, ikani kansalu kena pamwamba ndi kupukuta phulusa kaye.

Nsalu imene ikuyenda m'manja mwanuyo idanditengera maola pafupifupi 30. Kasamba kamodzi kamadya ola lathunthu, nthawi zina kuposa. Muitembenuze muone kumbuyo kwake, chifukwa wogula wochenjera amayang'ana kumeneko, podziwa kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Mwina wina akufunsa mumtima kuti, kodi m'dera la asodzi ndi alimi a mpunga, nkhani ya maluwa yabwera bwanji pa msonkhano wa anthu akuluakulu? Ndiyankhe. Tonse pano tidaleredwa ndi nyanja iyi. Fizi, yunifolomu ndi makope a ambiri a ife zidachokera m'matemba, makumba ndi mlamba wa pa Kachulu. Koma tikudziwanso khalidwe lake. Idauma mu 1968. Idaumanso mu 1995, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi. Mu 2012 idaphwa kwambiri, ndipo mu 2018 tidaonanso ngalawa zitagona pa matope ong'aluka. Mu 2023 namondwe wa Freddy adabwera ndi vuto la mbali ina, madzi kumiza minda ndi kugwetsa nyumba. Nyanja ikachoka tilira, ikabwera mwaukali tiliranso.

Aphunzitsi amene ali pano angachitire umboni za zimene zimachitika m'kaundula wa sukulu pa zaka zotere. Abambo amanka kutali kukasaka ganyu. Amayi amene amayanika ndi kugulitsa nsomba amatsala manja ali m'khosi. Ndipo woyamba kusowa m'kalasi ndi mtsikana wa Sitandade 7 kapena 8, amene posachedwa timamva kuti wapita kubanja. Nthawi zambiri chimene chamuchotsa si chinthu chachikulu: sopo, kope, yunifolomu yong'ambika, ndalama ya mayeso.

Sindinama pamaso pa mafumu kuti singano ingalowe m'malo mwa nyanja. Singadyetse mudzi. Koma ndi ntchito imene siyang'ana kuti madzi ali pati chaka chino, sifuna munda, sifuna magetsi, ndipo mpamba wake ndi wochepa poyerekeza ndi ukonde kapena makina osokera. Pa banja limene lili ndi njira imodzi yokha yopezera ndalama, kanjira kachiwiri, ngakhale kakhale kakang'ono, kangasunge mwana m'kalasi kufikira madzi atabwerera.

Pamenepa pafunika nzeru ya malonda. Nsalu za patebulo zopetedwa ndi makina zadzaza m'misika, ndipo m'mabelo a kaunjika mumatuluka zina zotsika mtengo kwambiri. Amene angapikisane nazo posoka marozi akale aja adzangotaya nthawi yake. Koma makina a kunja samudziwa kakombo wa ku Chilwa. Sadziwa chitedze, sadziwa duwa la thonje kapena la therere, sadziwa kakowa ataima m'munda wa mpunga. Chimenecho ndicho chathu, ndipo ndicho chifukwa china chimene ndalimbikira kuti mwana ayambe wapita kudambo kukaona. Tisoke tinthu ting'onoting'ono tabwino kwambiri: chithunzi choika mu felemu, kolala kapena thumba la diresi, kachikwama, mphatso ya pa ukwati kapena ya munthu wopuma pa ntchito. Alendo okwera phiri la Zomba amagula ziboliboli ndi miyala yokongola, ndipo kansalu kopepuka kolowa m'chikwama sikangawalemere. Poika mtengo, werengani ulusi, nsalu, ndi maola. Mayi amene wasoka maola 30 n'kulandira ndalama yosafika pa ganyu wa tsiku limodzi sadzagwiranso singano, ndipo mwana wake woonerera sadzaifuna n'komwe.

Nanga ana a lero aphunzira kuti? Kuyambira pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, makalasi adasefukira, ndipo mphunzitsi mmodzi sangayang'ane singano za ana 100. Cha m'ma 2007 zosoka zidaphatikizidwa ndi nyimbo, masewera ndi zojambula m'phunziro limodzi la Expressive Arts, choncho nthawi yake idachepa. Ife amene tidaphunzira m'manja mwa akale aja tikutha mmodzimmodzi, ndipo maso athu akuchita chidima. Lusoli silisungika m'buku lokha, limafuna dzanja ligwire dzanja linzake. M'mera mpoyamba, ndipo mbewu ikadalipo ndi ife amene tili m'chipinda chino.

Choncho, a Wapampando, ndili ndi mapempho atatu, ndipo ndikupempha kuti alembedwe m'mfundo za msonkhano uno.

Loyamba: bungwe lathu ligule bokosi lokhala ndi loko, likhale mu ofesi ya Aphunzitsi Aakulu. Aliyense wa ife pobwera ku msonkhano wa chaka chamawa abwere ndi timitolo tiwiri ta ulusi, kapena paketi ya singano, kapena mita imodzi ya nsalu. Anzathu a ku Blantyre, Lilongwe ndi ku Johannesburg, kumene zinthuzi sizivuta kupeza, tikudalira inu. Mikombero tidzapempha oluka malichero a m'midzi yathu yomwe ino, ndipo tidzawalipira.

Lachiwiri: a komiti ya sukulu atilole chipinda chimodzi Loweruka m'mawa, kawiri pa mwezi. Ine ndadzipereka kuphunzitsa kwaulere, ndipo ndikupempha achemwali atatu kapena anayi amene manja awo akadakumbukira kuti tithandizane. Tiyambe ndi ana osapitirira 20 a Sitandade 6 mpaka 8, pamodzi ndi amayi a Mother Group amene angafune. Ndati ana, sindidati atsikana okha. Amene amasoka maukonde pa doko ndi abambo, ndipo matelala ambiri a m'makonde a sitolo ndi abambonso. Mnyamata wodziwa kukonza diso la ukonde singano singamukanike. Lamulo likhale limodzi: wojomba kusukulu mkati mwa sabata, Loweruka sagwira mkombero.

Lachitatu ndi lija ndidakuchenjezani, achimwene. Ntchito yoyamba ya ana ikatuluka, ogula oyamba tikhale ife. Ikani chithunzi cha kakombo mu ofesi yanu kapena pabalaza panu, ndipo mlendo akafunsa, mumuuze kumene chidachokera ndi kumene angapeze chake. Koma chonde, musanenerere mtengo ngati mukugula matemba madzulo pa msika. Ndalamayo igawidwe pawiri, gawo lina libwerere m'bokosi kugulira ulusi, lina lipite ku zofunika za kusukulu za mwana amene wasokayo, ndipo msungichuma wathu azitipatsa lipoti chaka ndi chaka.

Mutu umodzi susenza denga. Ine ndili ndi singano ndi nthawi, ena muli ndi ndalama, ena muli ndi anzanu m'matauni, mafumu athu ali ndi mawu amene makolo amawamvera. Pepala lolembapo maina lili pa tebulo la alembi pakhomopo, ndipo lili ndi mbali zitatu: ophunzitsa, opereka zipangizo, ndi ogula. Ndikupempha kuti tisanapite kukadya, aliyense aone mbali imene dzina lake likukwana.